Tsiku Limene a Nkhono Anathamanga

Wokondedwa mwana wanga wachisamba,

Ndikhulupirira kalatayi ikupeza uli bwino pamodzi ndi apongozi anga ndi tiana tanu. Kodi chifuwa cha kamtsikana kaja chinatha? Muzikaveka zofunda, musamangodalira mankhwala. Kuno tili bwino, kupatula bondo langa lija limene limalosera mvula kuposa a pawailesi. Mlongo wako ali bwino, ndipo makina anga osokera akulirabe pakhonde monga unawasiyira.

Usadabwe kuti ndalemba kalata chonsecho foni ilipo. Foniyo ndi imene yatifikitsa pamene tilipa. Pepala lili ndi ulemu, silithamangira kwa anthu onse ukangolikhudza ndi chala.

Mawu amene unatumiza pafoni ya mlongo wako tinawamva tonse. Iye anawatsegula osadziwa, tili patebulo, bambo ako ali pomwepo. Unati bambo akalamba, mutu wayamba kubalalika, asiye ntchito asanaphe munthu. Unatinso anzako kuntchito atakuonetsa kanema uja wa bambo ako n'kumaseka, iwe unakana kuti bambowo suwadziwa. Bambo ako anamaliza kutafuna, anasamba m'manja, n'kupita kukapukuta nsapato zimene anali atapukuta kale m'mawa. Kuyambira tsiku limenelo sanatchulepo dzina lako, koma foni ikalira amatembenuka.

Ndiye khala pansi uwerenge mpaka kumapeto. Ukamaliza udzaona wekha ngati munthu ameneyu ndi wokana.

Bambo ako ukuwadziwa. Anayamba kuyendetsa galimoto ya maliro iwe usanabadwe, ndipo dzina loti a Nkhono sanalitole pamsewu. Ukukumbukira m'mene unkabisalira kumpando wakumbuyo akamakuperekezani kusukulu pa kagalimoto kathu kaja, anzako a pa njinga akukupitirirani? Ukadandaula ankangoti kuthamanga sikufika. Apolisi apamsewu anasiya kalekale kuwaimitsa, ankangowavulira chipewa.

N'chifukwa chake kanema uja nditamuona koyamba ndinati ndi zopanga ana a masiku ano. Galimoto yakuda, bokosi likuonekera pawindo, ikudutsa pa rodibuloko ngati mphepo, wapolisi n'kutsala dzanja lili m'mwamba. Wina analembapo kuti malemu akuthamangira kumwamba geti lisanatsekedwe. Ndinayang'anitsitsa, ndipo chipewa chinali chawo, suti inali yomwe ndinasita ndekha.

Kumsika ndinkayenda chowerama. Amayi ena ankandifunsa mwachifundo chabodza ngati bambo ayamba kulawa. Ndikawafunsa eni akewo, ankangoti analakwa, basi. Ndinakalipa, ndinalira, tsiku lina ndinawamana ngakhale tiyi, koma pakamwa pawo panali pomata.

Kenako chisamani cha kukhoti chinabwera ndi milandu itatu: kuthamanga mopyola muyezo, kusaima apolisi atawaimitsa, ndi kuyendetsa galimoto moika miyoyo ya anthu pachiswe. Bwana wa kampani yawo ya maliro ananena pamaso pa antchito onse kuti wakhumudwa kwambiri, ndipo laisensi ikangopita, ntchitonso yapita. Bambo ako anati akangovomera zonse, za maloya n'zotayitsa nthawi. Apo ndiye ndinamanga nsalu m'chiuno. Ndinawauza kuti mutu umodzi susenza denga, ndipo ngati akufuna kukagona kundende, akagone titayesa kaye.

Dalaivala wina wa minibasi, amene ndimamusokera malaya, anatilozera ku ofesi ya maloya othandiza anthu osowa pogwira. Ili pamwamba pa sitolo ya matayala, masitepe ake ndi opapatiza moti bondo langa linandinena. Pabenchi panali padzadza madalaivala a mathiraki, a matakisi ndi a njinga zamoto, aliyense atagwira kapepala kake. Atangoona bambo ako anayamba kugwedezana zigongono, wina mpaka anapempha kujambulitsa nawo. Bambo ako anangokhala mowongoka, chipewa chili pamaondo.

Loya wake ndi mtsikana wamng'ono thupi, wa msinkhu wa mlongo wako, wovala nsapato zafulati. Madalaivala amamutcha a Mabuleki, akuti chifukwa mlandu ukamatsetsereka iye ndiye amauimitsa. Anawerenga chisamani chija n'kutiuza mosapsatira kuti kuthamanga kokha kumathera pa chindapusa ndi kulandidwa laisensi kwa kanthawi, koma mlandu wachitatuwo ukhoza kuwalowetsa m'ndende ndi kuwachotsa pa chiwongolero mpaka kalekale. Kenako anafunsa chimene chinawathamangitsa.

Bambo ako anayankha zomwe zija, kuti analakwa. Mtsikanayo anatseka faelo, anadzuka n'kukatseka chitseko. Anati iye si wansembe woti angolandira kulapa, ndi loya, ndipo sangamenyere nkhondo munthu amene wamubisira chida. Anati zolankhulidwa m'chipinda chimenecho sizitsika masitepe popanda chilolezo cha mwini wake. Atatero anatsegula dirowa, n'kutulutsa mtedza, n'kuyamba kudya ngati alibe anthu ena panja.

Kenako bambo ako anandiyang'ana, anatsokomola, n'kuyamba kufotokoza. Ine mkazi wawo ndinaimvera pamodzi ndi mlendo nkhani imene ndikukuuzayi.

Sabata imeneyo kukampani kunali maliro awiri. Wina anali bambo wa butchala wa m'tauni momwe muno, chimunthu chathupi chimene iwenso unkachidziwa. Winayo anali mphunzitsi wopuma ntchito, wamtali koma wowonda, woti akaikidwe kumudzi kwawo kutali. Mabanja onse awiri anasankha mabokosi ofanana ngati mapasa. Achibale ataona nkhope dzulo lake, bwana anatseka yekha mabokosiwo, n'kumata yekha timapuleti ta mayina.

M'mawa dalaivala mnzawo ananyamuka ndi bokosi lopita kumudzi. Bambo ako anatsala kuti masana akaperekeze wa butchala kutchalitchi. Pokweza bokosi m'galimoto, linangotsetsereka ndi dzanja limodzi. Akuti mtima unagunda, chifukwa munthu amene ankathyola mipando kumaukwati sangapepuke choncho usiku umodzi. Anaitana bwana, anatsegula, n'kupeza mphunzitsi ali gone, manja pachifuwa.

Bwana uja anatulutsa foni msangamsanga. Anaimbira dalaivala winayo, koma foni inali yozimitsa, pakuti lamulo la kampani ndi lakuti pamaliro foni izizima, ndipo lamulolo analiyambitsa ndi bambo ako omwe. Kenako bwanayo anayamba kunong'ona. Akuti mabokosi satsegulidwanso, nthaka sisankha, ndani angadziwe? Bambo ako anamuyankha kuti mayi wina akhala akulira ndi kulambula pamanda a mwamuna wa mwini moyo wake wonse, ndipo iwo sangadye chakudya n'kutsika akudziwa zimenezo. Anati munthu amagona kwawo. Anatenga makiyi.

Mwana wanga, mphunzitsi ameneyo moyo wake wonse ankayenda pa njinga yakapalasa. Liwiro limene sanalionepo ali moyo analiona tsiku limenelo.

Anafika kumudziko mapemphero atatha, amuna atangonyamula bokosi kulowera kumanda, akubuula ndi kusinthana mapewa. Apa ndiye umve bambo ako. Sanathamange, sanakuwe. Anaimika galimoto kuseri kwa tchalitchi, anavala magolovesi oyera, n'kuyenda kayendedwe kawo kaja mpaka kutsogolo kwa gulu. Anawerama kwa anamfedwa n'kupepesa kuti chogwirira chimodzi cha bokosi chapezeka kuti n'chosalimba, ndipo kampani siingalole kuti malemu agwe panjira. Anapempha kamphindi kochepa.

Anthu anapitiriza nyimbo. Kuseri kuja, iwo ndi dalaivala mnzawo anasintha mabokosi, anasintha timapuleti, n'kubwezera maluwa m'mene analili. Akuluakulu a pamudzipo mpaka anayamikira kuti kampani yotumiza galimoto yathunthu chifukwa cha chogwirira sanaionepo. Mphunzitsi anagona pafupi ndi makolo ake.

Pobwerera, atafika pa rodibuloko paja, apolisi asanakweze n'komwe dzanja, bambo ako anapatuka okha. Anatsika, anavula chipewa, n'kupereka laisensi ndi manja awiri. Anangopempha chinthu chimodzi, kuti awalole akatule kaye munthu amene akudikiridwa kutchalitchi. Wapolisi mmodzi anakwera nawo kuti asathawe, ndipo akuti anafika m'tauni ali mtulo, chifukwa a Nkhono anali atabwerera mwakale.

Atamaliza kufotokoza, ine misozi inali mbwembwembwe, ndipo a Mabuleki anali atasiya mtedza uja. Anati nkhani imeneyi ikanenedwa m'khoti, woweruza aliyense wa mtima wa munthu adzamva. Bambo ako anakana. Anati m'khoti mumadzadza anthu ndi mafoni awo, ndipo pofika madzulo amayi awiri amasiye adzamva kuti amuna awo anasinthanitsidwa ngati katundu wa pabasi. Kuli bwino dziko liziseka iwo kusiyana n'kuti liziseka maliro a eni.

Ananenanso china chimene sindinachiyembekezere. Anati asawayeretse ngati alibe mlandu, chifukwa podutsa pa kamsika kena mayi wina wobereka mwana anachita kudumphira kumbali, ndipo nkhope ya mayiyo imawabwererabe. Akanamugunda, bwenzi atapulumutsa wakufa n'kupha wamoyo. Chilango cha kuthamanga anati achilandira, ndi chawo.

Mtsikana uja anatsegulanso faelo ija. Anati pabenchi panjapo aliyense amalumbira kuti makina a apolisi ndi onama, ndipo aka kanali koyamba kuti munthu amupemphe kuti asamuwinitse kwambiri. Ndiye anatifotokozera njira. Bodza sanena, zimene zinachitika avomera, koma apempha woweruza kuti chifukwa chake akachimvere mu ofesi yake, chitseko chotseka, popanda kutchula mayina a mabanja. Chovuta chinali chakuti mawu a woimbidwa mlandu okha sakwanira, pamafunika mboni. Mboni yake inali bwana uja, yemwe ankayenda m'tauni akupukusa mutu kuti dalaivala wake wamuchititsa manyazi.

A Mabuleki anapita okha kukampani. Mlembi wa kumeneko anandiuza kuti analowa mwaulemu, anakana mpando, n'kumuuza bwanayo kuti kukhoti kuli makomo awiri. Pali kakhomo kakang'ono ka ofesi ya woweruza kamene munthu amalowa yekha mwakufuna kwake, ndiye pali chikhomo chachikulu chimene munthu amalowera ataitanidwa ndi chisamani, anthu a mafoni ali m'mbali. Anamufunsa kuti asankha liti. Bwana anasankha kakang'ono.

Tsiku la mlandu ndinasita suti ija mpaka mizere yake ikanatha kucheka chala. M'khoti munali modzadza, ena anabwera kudzangoona nkhalamba ya mukanema. Milandu ya ena inkapita msangamsanga, uyu chindapusa, uyu laisensi yapita, wina analira kuti ana adya chiyani. Itafika yathu, a Mabuleki anaimirira n'kupereka pempho lawo. Woimira boma anatsutsa pang'ono, koma woweruza, mayi wa imvi wovala magalasi, analola. Analowa mu ofesi, ine n'kutsala pabenchi ndikupemphera mapemphero opanda mutu.

Za m'katimo anandiuza bambo ako madzulo ake. Bwana anaulula zonse thukuta lili kamukamu, ngakhale za kunong'ona kuja, chifukwa mtsikana uja anamufunsa funso lomwelo mobwereza mpaka linatuluka. Woweruza anavula magalasi n'kuuza bambo ako kuti wakufa akhoza kudikira, ngakhale kufukulidwa kumene, koma mwana wogundidwa pamsewu sabwerera. Bambo ako anayankha kuti ndi zoona, ndipo alibe chowiringula. Mayiyo anatinso pa mpando umenewo wamvapo zifukwa zambiri zothamangira, koma sanaonepo munthu wobwerera yekha kudzapereka laisensi kwa apolisi amene anawathawa.

Atatuluka, chigamulo chinawerengedwa poyera popanda kutchula chifukwa. Mlandu woopsa uja unachotsedwa, za ndende panalibe. Pa kuthamanga ndi kusaima anawapeza olakwa, anawalipiritsa chindapusa, ndipo laisensi yasungidwa kwa theka la chaka. Chindapusacho analipira ndi bwana, a Mabuleki atangomuyang'ana kamodzi. Za kuchotsedwa ntchito sizinamvekenso.

Anthu potuluka ankasekabe, ena akuti nkhalambayo yachita mwayi, ena akuti yadyetsa wina. Ine ndinawagwira mkono bambo ako pamaso pa onsewo, chinthu chimene sindinachitepo chikwatiwire, n'kutsika nawo masitepe a khoti mutu uli m'mwamba. Ndikuuze zoona, sindinanyadepo chotero ngakhale tsiku limene iwe unalandira digiri yako.

Pakadali pano galimoto akuyendetsa ndi wina. Bambo ako amayenda pansi kutsogolo kwake kuchokera pakhomo la tchalitchi, atavala magolovesi, kuti dalaivalayo aphunzire liwiro loyenera maliro. Vuto linali popita kuntchito. Minibasi anaikana chifukwa makondakitala ankawaseka kuti akhale kutsogolo awaphunzitse kuthamanga, ndiye ankayenda wapansi mtunda wonse uja, kubwera kuno mapazi atatupa.

Loweruka lapitali m'mawa ndili pamakina, ndinaona mayi wachikulire wovala zakuda akulowa pageti, akukankha njinga. Inali njinga yakale yakuda, yosamalidwa bwino, ya kabasiketi kutsogolo. Anafunsa ngati pano ndi pa a Nkhono. Bambo ako atatuluka n'kumuona, ndinaona nkhope yawo ikusintha. Anali mkazi wa mphunzitsi uja.

Tinamupatsa mpando. Anayamba ndi za ulendo, za mvula, kenako anati miyezi yomaliza ya matenda mwamuna wake ankamunyamula yekha kuchoka pabedi kupita pampando, chifukwa anali atatha ngati mwana. Ndiye tsiku la maliro ataona amuna amphamvu akubuula ndi bokosi, anadabwa, koma anati mwina chisoni chikumuonetsa zinthu. Chogwirira chitakonzedwa, amuna omwewo ananyamula ngati mulibe kanthu. Patapita masiku mdzukulu wake anamuonetsa kanema uja akuseka, iye n'kuzindikira chipewa ndi tsiku lake.

Anati sanauze munthu aliyense, ndipo sadzauza. Anangobwera kudzanena kuti chogwirira chija anachikonza bwino.

Bambo ako anangoti ndi ntchito yawo. Mayiyo anadzuka, anagwira chishalo cha njinga ija, n'kunena kuti anamva zoti awalanda laisensi, koma iyi siifuna laisensi. Anati mwini wake anakwera kale galimoto ya bambo ako, ndiye n'chilungamo kuti nawonso akwere yake. Tinayesa kukana, koma anatuluka pageti wapansi osacheuka. Bambo ako anakhala pakhonde atagwira njingayo, misozi ikugwera pa malaya, ndipo ine sindinawaletse.

Tsopano pempho langa ndi ili. Nkhaniyi anandiletsa kuuza munthu, ndipo ndikudziwa kuti ndaswa mawu awo. Ndaswa chifukwa dziko lonse likhoza kuwaseka iwo osagwedezeka, koma mawu ako aja akuwadya m'kati ngati chiswe. Kalatayi usaijambule, usaitumize kwa wina, ukawerenga uisunge pako. Mabanja awiri aja ali pa mtendere, ndipo mtenderewo bambo ako anaugula ndi dzina lawo.

Uwaimbire Lamulungu masana akaweruka kutchalitchi. Usachite kulira kapena kupanga ulaliki wa kupepesa, ukudziwa kuti zimenezo zimawasowetsa poyang'ana. Ungowafunsa za njinga. Akuuza za mabuleki ake, za belu lake, mwina mpaka mayunitsi ako atha, ndipo iwe umvetsere. Kuona maso a nkhono n'kudekha, mwana wanga, ndipo iwe unafulumira.

Undiperekere moni kwa apongozi anga, uwauze kuti madiresi a ana ndamaliza, ndikungodikira wobwera kumeneko. Tiana ito utipsompsone m'malo mwanga. Mlongo wako akuti usamukwiyire chifukwa chotsegula mawu aja patebulo. Mulungu akusunge, akudalitse pa ntchito yako, ndipo pamsewu uziyenda ngati mwana wa bambo ako.

Pamene ndikumaliza kulembaku ndikuwaona pawindo akubwera pa njinga ija, suti yakuda, chipewa pamutu, akupalasa pang'onopang'ono moti sindimvetsa kuti sakugwa bwanji. Ana a sukulu oyenda pansi akuwapitirira. Anzako aja akadzakuonetsanso kanemayo, usadzafotokoze chilichonse. Udzangowauza kuti amenewo ndi bambo ako.

Ndine mayi ako wokukonda,
mkazi wa a Nkhono